Mpeni kapena Kapaipi pa Mtima wa Mdzukulu Wanga

Bambo anga anandichenjeza ndili mtsikana, tikuchoka pa esiteti ina ya cha kwa Kaluluma pamene anagwirapo utenanti. Anati, "Mwanawe, munthu akakuuza kuti sankha wekha, uzimuyang'ana m'manja. Ameneyo akusamba. Akufuna kuti zikadzavuta mlandu udzakhale wako." Iwo anaziona kwa kapitawo wina amene ankaloza minda iwiri n'kunena kuti tengani umene mwaukonda. Fodya akakanika, kapitawoyo ankangoti munasankha nokha. Mawu amenewo ndakalamba nawo. Sindigula mbewu kwa munthu wosekerera, sindidya kwa eni, ndipo chitseko changa ndinachiika mipiringidzo iwiri.

Ndimakhala kwa Chulu, pamudzi pa amayi anga. Pa ana anga, nkhani ino ikukhudza awiri: wamkazi, amene anatisiya, ndi mlongo wake, amene amakhala kuseri kwa chigafa changa ndi mkazi wake. Wamkaziyo anagwa masana dzuwa likuswa mtengo, akupachika mikangala ya fodya m'chigafa. Sanadwale, sanagonepo pamphasa. Anangoti, "Mayi, chizungulire," basi kwatha. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti wamenyedwa hamala ya afiti, ndipo ine ndinkayang'ana nkhope iliyonse kuti ndione amene akulira mopitiriza. Chiyambire pamenepo mbale ya munthu wina sindinaigwirenso, ngakhale ya mtengwa wanga, mkazi wa mwana wanga wamwamunayo. Malemuyo anasiya kamwana kakakazi, ndipo ndinakalera ndine.

Anakula wamtali, wa manja achangu posoka fodya, wosayankha akulu. Atapitirira zaka makumi awiri ndinayamba kuona kuti akachoka kumjigo ndi ndowa pamutu amaima panjira, dzanja lili pachifuwa, ngati akumvetsera kanthu. Ndikamufunsa ankati ndi befu chabe. Tsiku lina akuthirira nazale kudambo anagwa chafufumimba pakati pa mabedi. Atatsitsimuka anandipeza ndamugwira mutu, ndikuyang'ana kutchire kuti ndione amene wabisala.

Kuchipatala cha paboma anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, namwino wina n'kuitana mnzake kuti nayenso amve. Zimenezo sindinazikonde. Anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko tinapeza dokotala wa mtima, mayi wa msinkhu umene mwana wanga wamkazi uja akanakhala nawo lero, wolankhula Chichewa chokokera ku Chitumbuka. Anamupaka mdzukulu wanga mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsapo kachipangizo, mtima uja n'kumaoneka pa kanema ukuphiriphitha.

"Agogo, sendezani mpando muone," anatero adokotalawo. "Mtima uli ndi zipinda, ndipo pakati pali khoma la mnofu. Kwa mtsikanayu khomali lanenepa kwambiri, makamaka apa, pakhomo potulukira magazi. Mtima ukamenya mwamphamvu, mnofuwu umatsekereza khomo. Magazi akachepa kumutu, munthu amagwa. Matendawa amayenda m'magazi a pamtundu. Alipo wina kwanu amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono?"

Za pamtundu siziuzidwa mlendo. Koma mdzukulu wanga anayankha ali chigonere, "Amayi anga."

Anatipatsa mapiritsi oti mtima uzimenya modekha. Anati azimwa madzi ambiri, asasenze zolemera, asagwire ntchito padzuwa. Ndinamulanda ndowa, ndinamulanda khasu. Mapiritsi ndinkasunga ndine m'kachitini, ndipo ndinkamuyang'ana pakhosi mpaka ameze. Chaka chimenecho chinadutsa bwino pang'ono. Chotsatira anawonjezera mapiritsi, koma befu uja anabwerera, moti ngakhale kusesa pabwalo ankapumira. Kenaka anagwanso, ulendo uno akungochokera kutchalitchi, wopanda katundu aliyense m'manja.

Titabwerera ku Lilongwe tinapita atatu, chifukwa mwana wanga wamwamuna ndiye tsibweni wake wa mtsikanayu, mwini mbumba, ndipo nkhani yaikulu siithera pa agogo okha. Adokotala aja anati mankhwala afika pamene amalekezera. Chatsala n'kuchepetsa mnofu uja, ndipo njira zilipo ziwiri. Zonsezo kuno sizichitika. Anati ayesetsa kuti atumizidwe ku India monga amatumizira odwala ena, koma tidikire, ndipo podikirapo timvetse zimene tikukalowa.

"Njira yoyamba ndi ya mpeni," anatero. "Amatsekula chifuwa apa pafupa la pakati. Amaimitsa mtima, makina n'kumayendetsa magazi m'malo mwake. Dokotala amauona mnofuwo ndi maso, n'kudula umene watsekereza khomo. Ngati kachitseko ka m'kati mwa mtima kali ndi vuto, amakakonzera pomwepo. Akatha amauyambitsanso mtima n'kusoka."

"Amaimitsa?" ndinafunsa.

"Amaimitsa, agogo. Sindikubisirani. Ndi opaleshoni yaikulu, ili ndi zoopsa zake, ndipo fupa limatenga nthawi kuti ligwirane. Njira yachiwiri sadula chifuwa. Amalowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa m'chuuno, n'kukakankha mpaka kufika pa kamtsempha kamene kamadyetsa mnofu wonenepawo. Pamenepo amathirapo timadontho ta mowa wa kuchipatala, waukali kwambiri. Kachigawo ka mnofuko kamafa, kenaka kamafota pang'onopang'ono, khomo n'kutseguka. Munthu amadzuka msanga. Koma pafupi pomwepo pamadutsa tinjira timene timauza mtima nthawi yomenya. Mowa ukatikhudza, munthu amafunika kumuika kabatire pansi pa khungu moyo wake wonse. Ndi mpeni zimachitikanso, koma ndi kapaipi zimachitika kawirikawiri. Ndiponso nthawi zina mnofu sufota mokwanira, n'kufunika kubwereza. Mukakambirane kunyumba, musankhe."

Atatero ananyamuka n'kupita pampopi wa pakona, n'kuyamba kusamba m'manja ndi sopo. Ndinamva ngati bambo anga andikodola m'nthiti.

Mu minibasi mwana wanga sanadikire ngakhale kuti tituluke m'tauni. Anati, "Apa palibe zokambirana, amayi. Kapaipi basi. Mwana wa mlongo wanga asakamung'ambe ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Akabwera ndi chipsera kuyambira pakhosi mpaka pamchombo, adzamufunsira ndani? Kapaipi akalowetsa, akatulutsa, posachedwa ali pakhomo."

Kunena zoona nanenso mtima wanga unali pa kapaipi. Mawu oti amaimitsa aja sanandichoke m'mutu. Koma nditamva kuti iyeyo wafulumira chotero, ndinayamba kumuyang'ana m'mbali. Posachedwa ali pakhomo. Pakhomo kudzatani? Fodya wake anali wambiri chaka chimenecho, ndipo wosoka ngati mtsikanayu pamudzi panalibe.

"Ukufuna achire kapena ukufuna manja osokera fodya?" ndinamufunsa.

"Aa, mwayambatu! Inu ngakhale nkhuku ikalira mumati yatumidwa. Kapena vuto ndi mowawo? Mukuopa kuti amayi a kutchalitchi akamva kuti mdzukulu wanu wamwa mowa ndi mtima akuvulani yunifolomu?"

Anthu a mpando wa kutsogolo anaseka. Ine sindinaseke. Mtsikanayo ankangoyang'ana kunja pawindo.

Masabata otsatirawo pakhomo panali ngati pali maliro amene sanalengezedwe. Mwana wanga akadutsa ankapereka moni akuyang'ana kumbali. Mtengwa wanga anabwera ndi nkhwani zotendera kuti apatse wodwala, ine ndinazibweza. Mtsikanayo akalowa kubafa n'kukhalitsa, ndinkaima kuseri kwa mpanda kumvetsera ngati madzi akukhavukabe. Akatsokomola ndinkasiya chilichonse. Anthu obwera kudzazonda aliyense anali ndi nzeru zake: wina ati kuli m'busa wosanjika manja, wina ati kuli sing'anga cha kwa Simlemba, wina ati m'bale wake anapita kunja n'kubwera m'bokosi. Onsewo ndinkawalandirira pakhonde, m'nyumba ayi.

Inali nthawi yothena fodya. Amene simunalimepo, fodya akafuna kuchita maluwa timadula nsonga kuti mphamvu ipite kumasamba. Ukatero, m'khwapa mwa tsamba lililonse mumatuluka mphukira zolanda chakudya, ndipo nazonso ziyenera kuchoka. Ine ndimazichotsa ndi manja monga ankachitira bambo anga. Mwana wanga anasiya kale zimenezo. Iye amathira mankhwala kuchokera m'botolo loboola pachitsekero. Amadontheza pansonga, mankhwalawo n'kumatsetsereka ndi tsinde, kupha mphukira iliyonse imene aipeza.

M'mawa wina, iye atapita kukagula feteleza, ndinalowa m'munda mwake, umene unagundana ndi wanga. Ndinayenda mzere ndi mzere ndikusuzumira m'khwapa mwa masamba. Mitengo yambiri inali bwino ndithu, mphukira zitauma zokha popanda bala, ndipo sindingamunamizire. Koma pamene tsinde linapendekeka, mankhwala anatsetserekera mbali imodzi, mphukira za mbali inayo zili biriwiri, zamoyo. Penanso anapitirira n'kuwaula tsamba labwinobwino. Amene anathirayo sakanadziwa tsiku lomwelo. Ankayenera kudikira kuti aone kumene mankhwala apita. Ndinabwerera m'munda mwanga n'kuyang'ana manja anga akuda ndi utomoni wa fodya. Dzanja limachotsa chimene diso laona. Koma limasiya bala, ndipo pabala ndi pamene chiwolo chimalowera mvula ikachuluka.

Mdzukulu wanga anali atakhala pamthunzi m'mphepete mwa munda, pakuti ntchito ndinamuletsa. Anandiitana.

"Agogo, mwafufuza mokwanira m'munda mwa atsibweni? Mwapeza mfiti?"

"Khala chete iwe. Wamwa madzi?"

"Ndamwa. Agogo, inu ndi atsibweni mwakhala mukukangana za chifuwa changa, koma palibe amene wandifunsa."

Ndinaima ndi mphukira m'manja. Zinali zoona, koma sindinamuuze kuti ndi zoona.

"Ndikufuna mpeni," anatero.

"Wamva bwino zimene ananena? Akaimitsa mtima wako. Anthu osawadziwa, a chilankhulo china, ine kulibe kapena ndili kunja kwa chitseko."

"Wa amayi unaima m'chigafa umo, panalibe wouyambitsanso. Kumeneko akauimitsa pali anthu ataimirira pambali, ntchito yawo ili yomweyo youyambitsa. Ine ndatopa kukhala pamthunzi ngati nkhalamba, inu nkhalamba yeniyeni mukuwerama padzuwa. Ndikufuna akachotse kamodzi n'kutha. Chipseracho, wondifuna adzandifuna nacho."

Ndinapitiriza kuthyola mphukira mpaka kumapeto kwa mzere, chifukwa maso anga sanali oti awaone.

Uthenga utabwera kuti ulendo wa kunja watheka, tinapitanso kwa adokotala aja, atatu omwe aja. Ndisanakhale n'komwe pampando ndinati, "Adokotala, tsiku lija munatiuza kuti tisankhe tokha, kenaka munakasamba m'manja ine ndikuona. Lero musasambe. Akanakhala mwana wanu wobereka nokha, mukanamutengera kuti?"

Mwana wanga anandigwira nsalu kuti ndikhale pansi. Adokotalawo anayang'ana manja awo, kenaka anandiyang'ana ine.

"M'manja ndimasamba ndikatha kugwira wodwala aliyense, agogo. Koma funso lanu ndi labwino, ndipo ndikuyankhani. Akanakhala wanga, mpeni. Ndi wamng'ono, thupi lake lingapirire opaleshoni, ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti akhale ndi zotsatira zake. Mnofu wake ndi wochindikala kwambiri, woti mowa mwina sungaufotetse mokwanira. Ndipo sindingakonde kusiya chipsera cha mowa m'kati mwa mtima wa mtsikana ngati pali njira ina. Kapaipi ndi njira yabwino, yathandiza anthu ambiri, makamaka achikulire ndi ena amene mpeni ungawapweteke. Mawu omaliza akanena madokotala a kumeneko akamuyezanso. Koma akadzandifunsa, ndidzanena zomwezi, ndipo zikadzavuta mudzandipeza pampando uno."

Ndinawauza za m'munda mwa mwana wanga, za mankhwala otsetsereka mbali imodzi. Anaseka pang'ono. "Mtima si fodya, agogo. Iwo asanathire amayamba aona pa kanema kumene mowawo upite, sathira mwachimbulimbuli ngati achimwene awa. Koma poti simudziwa zonse tsiku lomwelo, pamenepo mwalasa."

Mwana wanga anati, "Ndiye nkhani ya fodya wanga yafika mpaka ku Lilongwe?" Kenaka anatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe ukuti bwanji?"

"Mpeni, atsibweni."

Anapukusa mutu, anapuma mozama, n'kuti, "Chabwino. Chifuwa n'chako."

Adokotala anati wodwala amapita ndi womudikirira mmodzi. Ndinati ameneyo ndine, palibenso wina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Pokwera masitepe aja ndinakuonani mutaima pakati, dzanja lili pachifuwa. Tagonani apa kaye. Achimwene, inunso mukhala wotsatira."

Ndinakana, koma mdzukulu wanga anandivula mpango n'kundigoneka ngati mwana. Mafuta aja ndi ozizira zedi. Ndinaona mtima wanga pa kanema, ndipo ngakhale ine wosaphunzira za chipatala ndinalizindikira khoma lija. La mwana wanga wamwamuna linali bwino. Langa linali lonenepa, ngakhale silinafike pa la mtsikanayo. Hamala imene ndinkaifunafuna m'nkhope za anthu pamaliro paja ndinali nayo ndine m'chifuwa. Sindinapepese munthu, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa pano. Anthu ake ndi omwewo, ndipo ena mwa iwo ali ndi zina zimene anandichita.

"Inu muyamba mapiritsi," anatero adokotala. "Akadzalephera, yanu idzakhala ya kapaipi, chifukwa pa msinkhu wanu mpeni ndi katundu wolemera. Koma ulendo uwu simupita. Kukufunika munthu woti akamudzutse, akamusambitse, akathamange akaitanidwa. Mukakagwa kumeneko, adzadikirira mnzake ndani?"

Wamkazi wamphamvu pabanja pathu analipo mmodzi yekha: mtengwa wanga, yemwe uja ndinamubwezera nkhwani. Tsiku lonyamuka anabwera kudzagwada pakhonde panga. Anati, "Amayi, ndikudziwa kuti simundikhulupirira. Koma mwanayu ndikamusamala." Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kachitini ka mapiritsi kaja, n'kumuika m'manja. Ndinamuuza kuti azimuyang'ana mtsikanayo pakhosi mpaka ameze. Awiriwo anakwera njinga za kabaza kupita kumsewu, mtsikanayo atagwira chikwama pamiyendo, ndipo ndinawayang'ana mpaka anabisika ndi fodya wa anthu.

Madokotala a kumeneko atamuyeza anagwirizana ndi mpeni. Tsiku la opaleshoni ndinalowa m'chigafa kusoka fodya, pamalo pomwe mayi wake anagwera, chifukwa kukhala chabe sindikanatha. Singano inkandilasa zala. Mwana wanga anakhala pakhomo pa chigafa ndi foni m'manja, ndipo aka kanali koyamba kumuona atasiya ntchito nthawi yothyola. Foni italira dzuwa litapendeka, anali mtengwa. Anati zatha bwino, mtima wayambanso wokha, ali m'chipinda cha odwala kwambiri koma madokotala akhutira.

"Mpatseni foni ndimve mawu ake," ndinatero.

"Sangalankhule pano, amayi, ali ndi paipi kukamwa."

"Ndiye sindinamve kanthu."

Mwana wanga anakwiya, anati ndine munthu wosayamika. Mwina. Koma anthu amadziwa kunamiza nkhalamba kuti isagwe. Ndinadikira. Mawa lake kunali zii. Mkuja wake foni inaliranso ndili kumjigo, ndipo mwana wanga anathamanga nayo ali wefuwefu. Ndinamva kupuma, kenaka mawu osasa ngati a munthu wachimfine.

"Agogo, mapiritsi anu mwamwa?"

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo, anthu akuona.

Pamene ndikulemba zino sanabwere. Akuti fupa ligwirane kaye, ndipo akumuyendetsa m'khonde la chipatala tsiku ndi tsiku. Kabatire sanamuike. Akuti adzafunikabe kumaonedwa ndi adokotala moyo wake wonse, chifukwa mpeni wachotsa chotsekereza, sunachotse matenda a pamtundu. Mtengwa amaimba n'kundifotokozera zimene wadya, ndipo ndimamufunsa funso limodzi kawiri mosiyana kuti ndione ngati yankho lisinthe. Mpaka pano silinasinthe.

M'nyumba muno ndatsala ndekha ndi khoma langa lonenepa. Mwana wanga amalawirira kumunda, ndipo nkhani ya mabelo ikayamba adzakhala ali kumsika wa fodya masiku ambiri. Adokotala anandiuza kuti munthu wa matenda anga asadzitsekere kumene anthu sangamufike. Mpiringidzo umodzi ndachotsa. Winawo ndi wofooka, munthu wamphamvu akhoza kuuthyola ndi phewa.

Choncho inu amene mumadutsa njira ya kumjigo kwa Chulu kuno, mukaona dzuwa lakwera koma pabwalo panga posasesa, patukani. Gogodani, ndipo munene dzina lanu mokweza, chifukwa wosamudziwa sindimutsekulira. Ndikayankha mokalipa, ndili bwino, pitirizani ulendo wanu. Ndikapanda kuyankha, yang'anani m'chigafa kaye, kenaka thyolani chitseko. Chakudya musabwere nacho, sindidya. Mungodzandiona ngati ndikupuma, kuti mtsikana uja akadzatsika pa kabaza ndi chipsera chake adzapeze munthu womutsekulira.